Laputopu ikukana pasiwedi yomwe mukuidziwa bwino: kukonza kiyibodi yosokonekera pa sikirini yolowera

Vuto ili landipeza kambirimbiri, mwakuti ndaganiza zolemba pamalo amodzi zonse zomwe ndimawauza anthu akabwera nalo. Munthu amafika laputopu ili kukhwapa, nkhope ili yakugwa, n'kunena kuti: "Pasiwedi yanga ndikuidziwa, chaka chathunthu ndakhala ndikulowera yomweyi, koma lero ikukana." Ambiri amakhala akunena zoona. Pasiwedi sanaiwale, makina sanafe. Chomwe chasintha ndi chinenero cha kiyibodi. Batani lomwe akudina likutulutsa chizindikiro china, osati chomwe chalembedwa pamwamba pake, ndipo poti m'bokosi la pasiwedi mumangooneka timadontho takuda, palibe choonetsa kuti zalakwika.

Zilembo zomwe mumaziona pa mabatani ndi utoto chabe. Batani likadinidwa limangouza kompyuta malo omwe lili, ndipo Windows ndi yomwe imaganiza kuti malo amenewo akutanthauza chilembo chanji, motengera kiyibodi yomwe inauzidwa kuti muli nayo. Ikauzidwa kuti muli ndi ya ku America pomwe yanu ndi ya ku Britain, zilembo zonse ziyenda bwino, koma @ asowa. Kwathu kuno izi n'zofala chifukwa malaputopu ambiri timagula ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Britain, ku Japan, ku Dubai kapena ku Joni, ena otumizidwa ndi abale. Woikamo Windows yatsopano akakhala pa liwiro amangodina Next osayang'ana kuti mabataniwo ndi a dziko liti.

Mayi wina, mphunzitsi yemwe ankalemba kafukufuku wake wa digiri, anabwera kwa ine atauzidwa kale kwina kuti laputopuyo ingofomatidwa basi. Ntchito ya miyezi yambiri inali mmenemo, kopanda kwina komwe anaisunga. Ndinati, "Mayi, tisanachite china chilichonse, lembaninso pasiwediyo, kenako mukanikize kadiso aka koonetsa zomwe mwalemba, ine ndiyang'ana kumbali." Atakanikiza anangoti, "Iii, apa payenera kukhala @, nanga timizere tiwiriti tachokera kuti?" Mphindi ziwiri sizinakwane analowa. Ndikakumbukira kuti mafayilo awo anangotsala pang'ono kufufutidwa chifukwa cha batani limodzi, mtima umandipweteka mpaka lero.

## Musanayesenso, chitani izi

- Lekani kuyesa mobwerezabwereza. Windows 11, kuyambira mtundu wake wa 22H2, ikaikidwa yatsopano imatseka akaunti ya pa laputopu kwa mphindi 10 mukalakwitsa maulendo 10. Laputopu ya kuntchito ikhoza kukutsekerani musanafike n'komwe pa 10, ndipo ina imafuna a IT kuti aitsegule.
- Onani zomwe mukulemba. Mukayamba kulemba, kumapeto kwa bokosi la pasiwedi kumabwera kachithunzi ka diso. Kakanikizeni osasiya ndipo timadontho tisanduka zilembo. Ngati pali anthu pafupi, lembani zizindikiro zokhazo zomwe zili m'pasiwedi yanu, monga @ kapena #, muone chomwe chikutuluka, kenako mufufute.
- Yang'anani pakona ya kumanja, pansi. Pafupi ndi zizindikiro za netiweki ndi magetsi pamakhala tizilembo monga ENG US, ENG UK, FRA kapena DEU. Timeneti ndi tomwe tikunena kiyibodi yomwe ikugwira ntchito panopa.
- Dziwani kuti mabatani anu ndi a dziko liti. Ya ku America ili ndi @ pa 2, # pa 3, ndipo Enter wake ndi wogona, wotalika chopingasa. Ya ku Britain ili ndi " pa 2, £ pa 3, ndipo Enter wake ndi woimirira, wotenga mizere iwiri.

Mukadziwa chomwe chikutuluka, pitani pa mutu wogwirizana nacho m'munsimu.

## Zilembo zili bwino, koma @, ", # kapena £ zikutuluka zina

Uku ndiye kudandaula komwe ndimakumva kuposa kwina konse.

1. Kiyibodi ya US ndi ya UK zasinthana. Mwa zoyambitsa zonse, ichi ndiye chofala kwambiri.

- Shift ndi 2: ya US imatulutsa @, ya UK imatulutsa ".
- Shift ndi batani la ' lomwe lili chakufupi ndi Enter: ya US imatulutsa ", ya UK imatulutsa @.
- Shift ndi 3: ya US imatulutsa #, ya UK imatulutsa £.
- Pa ya UK, # ali ndi batani lakelake loyandikana ndi Enter, ndipo safuna Shift.

Dinani tizilembo ta pakona tija n'kusankha kiyibodi yofanana ndi mabatani anu. Mukhozanso kugwira batani la Windows n'kudina Space, ndipo iziyenda pa mndandanda wa makiyibodi omwe alipo. Kusinthanaku kawirikawiri kumachitika mwangozi. Alt wa kumanzere ndi Shift akadinidwa pamodzi amasintha chinenero, Ctrl ndi Shift nawonso amasintha kiyibodi, ndipo mwana woseweretsa laputopu kapena dzanja lanu lomwe likhoza kuwagunda osadziwa.

2. Pasiwediyo munaipanga kiyibodi ili yolakwika kale. Apa mpomwe anthu ambiri amasokonezeka, ngakhale okonza makompyuta omwe. Tiyerekeze kuti tsiku lomwe munkapanga pasiwedi, mabatani anu anali a US koma Windows inali pa UK. Munadina Shift ndi 2 mukuganiza kuti mwalemba @, koma chomwe chinasungidwa ndi ". Miyezi yonseyi mwakhala mukulowa popanda vuto, chifukwa tsiku lililonse mumalakwitsa mofanana. Kenako wina wakukonzerani kiyibodi, Shift ndi 2 wayamba kutulutsa @ weniweni, ndipo pasiwedi yayamba kukana. Mukakanikiza kadiso muona pasiwedi yolembedwa ndendende momwe mukuidziwira, komabe ikukana.

Chizindikiro cha vuto limeneli n'chakuti linayamba mutangosintha chinenero, kapena laputopu itangochokera kokonzedwa. Bwererani ku kiyibodi yakale ija n'kudina mabatani omwe munazolowera. Ngati yakaleyo yachotsedwa pa mndandanda, lembani " pamalo pa @, kapena £ pamalo pa #. Mukalowa, sinthani pasiwediyo tsiku lomwelo kiyibodi ili yolondola.

Ngati akauntiyo ndi ya Microsoft, pali njira yachidule yodziwira: yesani kulowa pa foni ndi pasiwedi yomweyo. Ikavomera pa foni, pasiwedi ili bwino ndipo vuto lili pa kiyibodi ya laputopu.

3. Laputopuyo ndi ya ku Japan. Muidziwa ndi tizilembo ta Chijapani pa mabatani, Space wamfupi, ndi batani la ¥ pafupi ndi Backspace. Pa mabatani amenewa @ walembedwa kumanja kwa P, koma Windows ikakhala pa US batanilo limatulutsa [. Zizindikiro zambiri za pa mzere wa manambala nazonso sizigwirizana ndi zolembedwa: pa 2 palembedwa " pomwe US imatulutsa @, pa 6 palembedwa & pomwe US imatulutsa ^, pa 7 palembedwa ' pomwe US imatulutsa &. Musatsate zolembedwazo, tsatani zomwe kadiso kakuonetsa.

4. Kiyibodi ya Chipwitikizi. Abale a ku Tete ndi ku Angónia, ndi aliyense wogula laputopu ku Mozambique, amakumana nayo imeneyi. Ili ndi Ç kumanja kwa L. Shift ndi 2 amatulutsa ", ndipo @ amatuluka mukagwira AltGr, yemwe ndi Alt wa kumanja kwa Space, n'kudina 2.

5. Batani likudikira linzake. Pa kiyibodi ya United States-International, yomwe pakona paja imaoneka ngati ENG INTL, mabatani a ', ", ^, ~ ndi ` satulutsa kanthu mukawadina koyamba. Amadikira chilembo chotsatira kuti apange é kapena ñ. Choncho ' wotsatana ndi a amasanduka á, ndipo pasiwedi yawonongeka. Dinani Space mukangodina chizindikirocho, ndipo chituluka chokha.

Ena amaonjezera kiyibodi ya United Kingdom Extended chifukwa imatha kulemba ŵ wa m'dzina loti Malaŵi: AltGr ndi 6, kenako w. Polemba makalata n'njabwino kwambiri, koma ŵ musamuike m'pasiwedi ya laputopu. Tsiku lomwe kiyibodi imeneyo idzasowe pa sikirini yolowera mudzavutika kumupeza.

## Zilembo zenizeni zasinthana

Mawu a Chichewa ali ndi z, y, w, a ndi m ambiri, choncho amene pasiwedi yake ndi ya Chichewa vuto ili silimuphonya.

1. Yapita pa Chijeremani, DEU. Y ndi Z zimasinthana. Mukalemba "zikomo" pakutuluka "yikomo", mukalemba "nyumba" pakutuluka "nzumba".

2. Yapita pa Chifalansa, FRA. A amasinthana ndi Q, Z ndi W, ndipo batani la M limatulutsa koma. "Zikomo" amasanduka "wiko,o", "madzi" amasanduka ",qdwi". M weniweni ali kumanja kwa L.

3. Mabatani ndiwo achilendo, Windows ili pa Chingerezi. Laputopu ya ku Germany mzere wake wa pamwamba umayamba QWERTZ, ya ku France AZERTY. Mukamalemba moyang'ana mabatani, mudina polembedwa Z koma patuluka y. Apa muyenera kusankha chimodzi: kuika mu Windows kiyibodi yofanana ndi mabataniwo, kapena kusiya Windows pa Chingerezi n'kumata timapepala ta zilembo pa mabatani. Ine ndimalangiza choyambacho, chifukwa timapepala timamatuka.

4. Pakutuluka zilembo za Chiarabu kapena za Chirasha. Malaputopu ena odzera ku Dubai amabwera ndi chinenero chachiwiri choikidwamo kale. Windows ndi Space, kapena Alt wa kumanzere ndi Shift, akubwezerani pa Chingerezi.

Pa 1, 2 ndi 4 mankhwala ndi amodzi: sankhani ENG pakona paja. Ngati palibe, onani mutu wa kusowa kwa tizilemboti kutsogoloku.

## Zilembo zikutulutsa manambala, kapena manambala sakutuluka

Apa nthawi zambiri chinenero chilibe mlandu, ngakhale zimaoneka ngati ndicho.

1. Num Lock wayaka pa laputopu yaing'ono. Malaputopu ambiri opanda mabatani a manambala kumanja amabisa manambalawo m'zilembo: U, I, O amakhala 4, 5, 6, J, K, L amakhala 1, 2, 3, M amakhala 0. "Moyo" amatuluka "06y6", "kumudzi" amatuluka "2404dz5". Gwirani Fn n'kudina batani lolembedwa NumLk kapena Num Lock. Malo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa laputopu, koma nthawi zambiri limakhala pa mzere wa pamwamba penipeni.

2. Num Lock wathima pa laputopu yaikulu. Mumalemba manambala ndi mabatani a kumanja, koma laputopu ikamayaka Num Lock amakhala wothima, ndiye palibe chikutuluka. Werengani timadontho: tikachepa, n'chimenechi. Gwiritsani ntchito manambala a mzere wa pamwamba.

3. Chifalansa. Pa kiyibodi imeneyi manambala a pamwamba amafuna Shift. Mukalemba 2024 opanda Shift pakutuluka éàé'.

4. Caps Lock. Windows imakuuzani pansi pa bokosi kuti Caps Lock is on, koma munthu wothamanga mtima saona.

5. Filter Keys kapena Sticky Keys. Woyambayo amayaka mukagwira Shift wa kumanja masekondi 8, ndipo amachititsa kuti kiyibodi izinyalanyaza batani lodinidwa mwachangu kapena kawiri motsatizana. Wachiwiriyo amayaka mukadina Shift maulendo 5, ndipo amachititsa kuti Shift akadinidwa kamodzi agwirebe ntchito pa batani lotsatira. Onse awiri amathimitsidwa pa kachithunzi ka Accessibility pakona yomwe ija.

## Tizilembo ta chinenero palibe, kapena kiyibodi yomwe mukuifuna palibe pa mndandanda

Windows imaonetsa tizilemboto pokhapokha pali makiyibodi oposa imodzi. Tikasowa, ndiye kuti sikirini yolowera ikudziwa kiyibodi imodzi yokha, ndipo simungaonjezere ina musanalowe. Musataye mtima: chofunika ndi kutulutsa zizindikiro zolondola, ngakhale zichokere pa mabatani achilendo.

Choyamba, kiyibodi ya pa sikirini. Dinani kachithunzi ka Accessibility. Pa Windows 11 ndi kamunthu kotambasula manja, pa Windows 10 kamaoneka ngati kawotchi ndipo dzina lake ndi Ease of Access. Sankhani On-Screen Keyboard. Kiyibodi yomwe ibwereyo imaonetsa ndendende momwe Windows ikuonera mabatani anu. Dinani Shift kapena AltGr pomwepo, muona pomwe chizindikiro chilichonse chabisala, ndipo mulembe pasiwedi yonse ndi mausi kapena touchpad. Njira imeneyi yandipulumutsira anthu ambiri kuposa ina iliyonse.

Ngati mukufuna @ basi, ali apa:

- US: Shift ndi 2
- UK: Shift ndi ', pafupi ndi Enter
- Chijeremani: AltGr ndi Q
- Chifalansa: AltGr ndi 0
- Chipwitikizi cha ku Portugal: AltGr ndi 2
- Chijapani: batani la kumanja kwa P, lopanda Shift

Chachiwiri, Sign-in options. Mawu amenewa ali pansi pa bokosi la pasiwedi. Ngati munaikapo PIN, chala kapena nkhope, lowerani pamenepo. Mukalakwitsa PIN kangapo, Windows ikuuzani kuti mulembe A1B2C3 musanayesenso. Si kachilombo ayi, ndi Windows yomwe ikufuna kutsimikiza kuti kiyibodi ikulemba bwino ndipo pali munthu. Ngati A1B2C3 yemweyo akukana, umenewo ndi umboni wakuti vuto ndi kiyibodi.

Chachitatu, akaunti ina ya pa laputopu yomweyo. Ngati ilipo ndipo ndi ya administrator, lowerani kumeneko n'kukonza monga ndalongosolera m'mutu wotsatirawu.

Chomaliza, kusintha pasiwedi. Ya akaunti ya Microsoft imasinthidwa pa foni, pa account.live.com/password/reset. Sankhani yatsopano ya zilembo ndi manambala omwe laputopu ikutha kutulutsa, ndipo laputopuyo ikhale pa intaneti kuti imve za kusinthaku. Ya akaunti ya pa laputopu pokha ili ndi Reset password yemwe amabwera mukalakwitsa, ndipo amafunsa mafunso atatu omwe munayankha popanga akaunti. Mayankhowo nawonso muwalemba ndi kiyibodi yolakwika yomweyo, choncho samalani.

Anthu ambiri amathamangira kukabwereka kiyibodi ya USB. Pa vuto la chinenero siithandiza, chifukwa Windows iimasulira molakwika chimodzimodzi. Imathandiza pokhapokha batani la laputopu litafa.

## Mwalowa, koma mukathimitsa n'kuyatsanso vuto likubwerera

Kusintha pakona paja ndi kongolowera lero. Kuti vuto lithe, pamafunika kukonza m'kati.

1. Sikirini yolowera ili ndi zosankha zakezake. Mukhoza kukonza kiyibodi mu akaunti yanu, koma sikirini ija n'kumagwiritsabe ntchito yomwe inasankhidwa tsiku loika Windows. Yambani mwakonza ya mu akaunti:

- Tsegulani Settings, Time & language, Language & region.
- Pa chinenero chanu dinani timadontho titatu, kenako Language options.
- Pansi pa Keyboards onjezerani yolondola ndi Add a keyboard, n'kuchotsa yolakwika.
- Tsegulani Notepad muyese @, #, " ndi zilembo zonse za pasiwedi yanu.

Kenako zikopereni ku sikirini yolowera:

- Gwirani Windows n'kudina R, lembani intl.cpl, dinani Enter.
- Pitani pa Administrative, dinani Copy settings.
- Pawindo lomwe libwere muona mizere itatu: Current user, Welcome screen ndi New user accounts. Yerekezani Input language ya woyamba ndi ya wachiwiri. Zikasiyana, mwalipeza vuto.
- Chongani Welcome screen and system accounts, komanso New user accounts, n'kudina OK.
- Yatsaninso laputopu ndi Restart.

Pa Windows 11 yatsopano zosankha zokoperazi zikupezekanso mu Language & region momwemo. Zimafuna akaunti ya administrator.

Chenjezo limodzi lomwe ndimalibwereza kwa aliyense: musachotse kiyibodi yakale musanatsimikize kuti pasiwedi yanu ikutheka kulembedwa pa yatsopano. Kumbukirani nkhani ya " wobisala pamalo pa @. Ikani PIN kaye, sinthani pasiwedi, ndipo muchotse yakaleyo pamapeto.

2. Windows ikusankha yokha kiyibodi yoyambira. Ngati mumafunadi makiyibodi awiri, pitani pa Time & language, Typing, Advanced keyboard settings, ndipo pa Override for default input method musankhe yomwe izikhala yoyamba. Pa Windows 10 Typing ali pansi pa Devices.

3. Mukumaisintha mwangozi. Patsamba lomwelo dinani Input language hot keys, kenako Change Key Sequence, n'kusankha Not Assigned mbali zonse ziwiri. Windows ndi Space apitiriza kugwira ntchito.

4. Akaunti ya Microsoft ikubweretsa kiyibodi ya kompyuta ina. Mukamalowa ndi akaunti imodzi pa makompyuta awiri, zinenero zimatsatana. Pa Windows 11 pitani pa Accounts, Windows backup, Remember my preferences, n'kuchotsa chongi pa Language preferences. Pa Windows 10 zili pa Sync your settings.

5. Kiyibodi yotsalira mu registry, kaundula wa m'kati momwe Windows imasunga zosankha zake. Nthawi zina pamaoneka kiyibodi yomwe mu Settings mulibe. Yesani kaye kuionjezera n'kuichotsanso, nthawi zambiri imachoka. Ikakanirira, mndandanda wa sikirini yolowera uli pa HKEY_USERS\.DEFAULT\Keyboard Layout\Preload, ndipo mzere wa 1 ndiye kiyibodi yoyamba. 00000409 ndi US, 00000809 ndi UK, 0000040c ndi Chifalansa, 00000407 ndi Chijeremani, 00000816 ndi Chipwitikizi cha ku Portugal, 00000411 ndi Chijapani. Ndalemba manambalawa kuti athandize amene anazolowera kale regedit, pulogalamu yotsegulira registry. Ngati simunaitsegulepo, musayambire pamenepa.

Posankha pasiwedi yatsopano, tengani zizindikiro zomwe sizisuntha. !, $ ndi % ali pa Shift ndi 1, 4 ndi 5 pa makiyibodi a US, UK, Chijeremani, Chipwitikizi ndi Chijapani omwe. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, nambala, ndi chimodzi mwa zitatuzi, zikutetezani bwino kuposa kapasiwedi kakafupi kodzaza @ ndi #.

## Ikukana Windows isanayake n'komwe

Mukaona sikirini yabuluu yolembedwa BitLocker (loko wa Windows wotseka disiki yonse), kapena kabokosi kofunsa pasiwedi laputopu itangoyaka, muli pa khomo lina. Pamenepa Windows sinadzuke, ndipo zosankha zanu zonse za chinenero sizigwira ntchito.

- BitLocker imawerenga mabatani monga a US, kaya anu ndi a dziko liti. Ngati pasiwedi yake ili ndi @, dinani Shift ndi 2. Pa sikirini yofunsa pasiwedi, batani la Insert limaonetsa zomwe mukulemba.
- Ikakanabe, dinani Esc kuti ifunse recovery key, yomwe ndi manambala 48 m'magulu 8. Ngati munkalowa ndi akaunti ya Microsoft, ipezeni pa foni pa account.microsoft.com/devices/recoverykey. Ya laputopu ya kuntchito imakhala ndi a IT.
- Mzere wa manambala ukamavuta, F1 mpaka F9 amalemba 1 mpaka 9, ndipo F10 amalemba 0.
- Pasiwedi ya BIOS, pulogalamu yoyamba kudzuka laputopu ikayaka, nayonso kawirikawiri imawerengedwa monga US. Malaputopu ambiri amaima mukalakwitsa katatu, ndipo amafuna kuthimitsidwa kaye.

## Ngati si Windows

Mac. Dzina la kiyibodi limaoneka pakona ya kumanja, pamwamba. Lidineni n'kusankha lolondola. Pa macOS Monterey ndi akale, ngati silikuoneka, limayatsidwa pa Users & Groups, Login Options, Show Input menu in login window. Dziwani kuti kiyibodi ya British ya Apple ili ndi @ pa Shift ndi 2, ndipo # ali pa Option ndi 3. Yofanana ndi ya Windows ndi British - PC.

Ubuntu. Tizilembo ta chinenero tili pamwamba kumanja, ndipo batani la Windows ndi Space amasinthanso. Mukalowa, lembani sudo dpkg-reconfigure keyboard-configuration mu Terminal n'kusankha kiyibodi yolondola. Zomwe mwasankhazo zimasungidwa mu /etc/default/keyboard, momwe ya ku Britain imalembedwa gb, osati uk. Ngati disiki yanu imafunsa pasiwedi poyaka, tsatizani ndi sudo update-initramfs -u kuti sikirini imeneyo nayo imve.

Chromebook. Dinani pa nthawi, pansi kumanja, n'kusankha kiyibodi. Ctrl, Shift ndi Space pamodzi amayenda pa mndandanda wonse.

## Pomwe muyenera kulekera n'kupita kwa katswiri

- Batani silikutulutsa kanthu, kapena likutulutsa zilembo ziwiri nthawi imodzi, pomwe kiyibodi ya pa sikirini kapena ya USB ikulemba bwino. Imeneyo ndi kiyibodi yakufa, ndipo imafuna kusinthidwa. Ngati munatayikira tiyi kapena madzi, thimitsani nthawi yomweyo, zulani chaja, musaiyatsenso mpaka wina aitsegule.
- Laputopu ndi ya kuntchito kapena ya kusukulu. Zosankha zina amazitseka dala, ndipo akaunti ikatsekeka ndi a IT okha angaitsegule. Auzeni tizilembo tomwe mukutiona pakona paja, ziwafupikitsira ntchito.
- BitLocker ikufunsa recovery key ndipo simukuipeza. Musasinthe kalikonse mu BIOS, musaikemo Windows ina. Popanda manambala 48 amenewo palibe wokonza aliyense angawerenge mafayilo anu, ndipo wokulonjezani zimenezo musamukhulupirire. Windows 11 ya 24H2 ikaikidwa yatsopano n'kulowa ndi akaunti ya Microsoft imatha kuloka disiki yokha mwini wake osadziwa, choncho fufuzani m'maakaunti onse a Microsoft omwe analowapo pa laputopuyo, kuphatikizapo ya amene anakuikirani Windows.
- Pasiwedi ya BIOS ndi ya mwini wake wakale. Bwererani kwa amene anakugulitsani. Pa malaputopu ambiri a masiku ano kuchotsa kabatire ka m'kati sikuifufuta.
- Kadiso kakuonetsa pasiwedi yolondola, mwayesa makiyibodi onse, ikukanabe. Apa mwina yasinthidwadi kapena yaiwalika. Njira zothyolera zomwe zili m'mavidiyo a pa intaneti musaziyese nokha. Pasiwedi ikasinthidwa mokakamiza, mafayilo omwe munawaloka ndi EFS (njira ya Windows yolokera mafayilo) ndi mapasiwedi ena osungidwa mu akauntiyo amatha kutayika.

Popita kwa wokonza, tengani chaja, foni yomwe imalandira makodi a akaunti yanu ya Microsoft, ndi fulashi kapena hadi disiki yokwana mafayilo anu. Mufotokozereni zomwe mwaona ndi zomwe mwayesa kale. Akatchula zofomata, mufunseni kuti ayambe wakopera mafayilo anu onse, muwatsegule nokha pa kompyuta ina muone kuti alimodi, kenako mumulole kupitiriza.